Madzi akada m'beseni, kodi ndiye matenda akutuluka?

FUNSO: Anamwino, ndine mayi wa zaka 54, ndimakhala kwa Mpondasi ndipo ndimachita geni ya usipa. Msana ndi maondo zandizunza zaka zitatu tsopano. Mwezi watha kunabwera anyamata ena ndi makina a beseni. Umaviika mapazi m'madzi ofunda, iwo n'kuthiramo mchere, n'kuyatsa magetsi. Posakhalitsa madzi aja anada bii, thovu lili yandayanda pamwamba. Akuti ndi poizoni wa m'thupi mwanga. Ndalipira kawiri, K15,000 ulendo uliwonse. Akuti ndifike kakhumi, ndisiyenso mankhwala a BP. Ndipitirize?

YANKHO: Mayi, tiyambe ndi za BP. Musasiye mankhwalawo ngakhale tsiku limodzi. BP ikakwera simva kuti munaviika mapazi, imatha kukugwetsani ndi sitiroko muli pathandala pomwepo mukuyanika usipa.

Tsono za madziwo. M'besenimo amaikamo kachitsulo kolumikiza ku magetsi. Magetsi akamadutsa m'madzi a mchere, chitsulocho chimadyeka msangamsanga, ndipo utoto mwauonawo ndi dzimbiri, lomwe lija la msomali wogonera pamvula. Musangomva za ine. Akabweranso auzeni athire madzi ndi mchere, ayatse makinawo inu mapazi ali panja. Madzi adzada chimodzimodzi. Akakana, mwadziwa kale.

Zoipa za m'magazi zimasefedwa ndi impso ndi chiwindi, sizitulukira kuphazi ayi. Mwina mwendo unapepukako tsiku limenelo, sindikutsutsa. Madzi ofunda amatero ndithu, koma amenewo mukhoza kutereka nokha pambaula osalipira munthu. Zibangili za maginito zimene zafala m'misikazi nazonso n'chikomekome cha mkuyu.

Chimene chikundidetsa nkhawa n'chakuti zaka zitatu zatha musakudziwa chikukupwetekani n'chiyani. Mwina ndi nyamakazi kapena kuwerama ndi kusenza madengu. Koma msana wopweteka limodzi ndi kuwonda, kutuluka thukuta usiku, dzanzi m'miyendo kapena kulephera kugwira mkodzo, umenewo si wodikira nawo, chifukwa TB imagwiranso mafupa a msana. Pitani ku chipatala cha boma ku Mangochi ndi buku lanu la kuchipatala, mukafunsenso za mafizo. Ndipo ngati mukumwa Brufen kapena Diclofenac tsiku ndi tsiku, mukawauze adokotala, poti mankhwala amenewa akachuluka amabweretsa zilonda za m'mimba, amaononga impso, amakwezanso BP yomweyo.

Aliyense wopima ndi kuchiza odwala ngati wachipatala amayenera kulembetsa ku bungwe la Medical Council of Malawi (anamwino ndi azamba amalembetsa ku Nurses and Midwives Council of Malawi), pomwe za mankhwala ndi zipangizo zake amayang'anira ndi a bungwe la boma la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority (PMRA). Anyamatawo afunseni chiphaso chawo. K120,000 ya maulendo otsalawo ikhale mpamba wa usipa.