Mufunse Tiyankhe: Magazi amamatirira bwanji m'mutu?

Funso: Mdzukulu wanga anagonekedwa ndi malungo a m'ubongo. Adokotala anati maselo a magazi amatirira m'timitsempha ta m'mutu. Kodi a ku labotale amayeza bwanji kumatirira kwa chinthu chosaoneka ndi maso? Ndine gogo wa ku Namwera, Mangochi.

Yankho: Agogo, adokotalawo ananena zoona. Kachilombo koyambitsa malungo ka Plasmodium falciparum kakalowa m'selo lofiira la magazi, pakatha maola pafupifupi 16 kamatulutsa puloteni yotchedwa PfEMP1 kunja kwa selolo, ndipo puloteniyi imakakamira kukhoma la mtsempha. Kamatero pothawa kapamba, amene amachotsa maselo odwala m'magazi. N'chifukwa chake tikamayeza magazi pagalasi la maikulosikopu timaona kwambiri tizilombo tanthete. Tokhwimato timakhala tabisala.

Njira yapafupi ndi iyi: timadontheza m'kambale kapulasitiki mapuloteni a khoma la mtsempha, monga ICAM-1 ndi CD36, n'kuthirapo magazi odwala pa kutentha kwa madigiri 37. Kenako timatsukuluza, n'kuwerenga pa maikulosikopu maselo otsalira. Ine njirayi sindiikhulupirira kwenikweni. Wotsuka wa dzanja lolemera amachotsa ambiri, wamantha amasiya ambiri, ndiye anthu awiri amapeza mayankho awiri.

Komanso m'thupi magazi saima. Ndere zomera m'thamanda n'zosiyana ndi zimene zagwira mwala pansi pa mlatho wa Shire pa boma. Choncho njira yabwinopo n'kupopa magaziwo m'kanjira kopapatiza kagalasi, pa liwiro lofanana ndi la m'timitsempha. Pamenepo timaona maselo ena akungodutsa, ena akugubuduzika, ena ataima nji. Tikamawonjezera liwiro pang'onopang'ono, pamene selo lataya m'pamene pamatiuza mphamvu yake. Kulinso makina otchedwa atomic force microscope, amene amakoka selo limodzi ndi kasingano, koma n'ngodula zedi.

Kumatiriraku kumachitikanso m'nsengwa ya mayi woyembekezera, ndipo mwana amabadwa wochepa thupi. Za malungo a amayi apakati, kafukufuku wamkulu wa Mangochi Malaria Research Project anachitikira kwanu komweko kuyambira 1987 mpaka 1990.

Mukamve ichi, agogo: tizilombo tikaoneka tochepa pagalasi, sindiye kuti malungo n'ngochepa. Mwana akayamba kukomoka kapena kulephera kuyamwa, musadikire kuche, thamangirani kuchipatala akam'baye jakisoni wa mankhwala a malungo otchedwa artesunate.