Kodi ku America amavotera khungu?

FUNSO: Akonzi, tinatsutsana kwambiri ndi anzanga pa bawo. Iwo akuti anthu akuda ku America anavotera Obama chifukwa ndi wakuda mnzawo basi, ngati mmene kuno ena amavotera wakwawo. Ine ndikuti ayi koma ndinasowa poyambira. Zoona zake ndi ziti?
Wowerenga wathu, Zomba

YANKHO: Achimwene, anzanuwo agwirako pang'ono koma mbali yaikulu aiphonya. Inde mu 2008 Obama anapeza mavoti pafupifupi 95 pa 100 aliwonse a anthu akuda, chimwemwe chinalipo ndithu, mpaka Jesse Jackson, womenyera ufulu wa anthu akuda, anagwetsa misozi ku Chicago usiku wa zotsatira. Koma taonani omwe anaimira chipani cha Obama, cha Democrat, iye asanabwere: Al Gore ndi mzungu, mu 2000 anapeza 90 pa 100, John Kerry naye mzungu mu 2004 anapeza 88. Ndiye khungu la Obama linangoonjezera pang'ono, anthuwa anali kale pambuyo pa chipani cha Democrat.

Ndipo sizinayambe choncho ayi. Kale akuda ankavotera Republican chifukwa ndi chipani cha Abraham Lincoln, yemwe mu 1863 analengeza zomasula akapolo. Zinayamba kusintha nthawi ya pulezidenti Franklin Roosevelt wa Democrat cha m'ma 1930, koma posinthira penipeni ndi 1964 pomwe pulezidenti Lyndon Johnson wa Democrat anasaina lamulo lothetsa tsankho, pamene Barry Goldwater wa Republican yemwe ankapikisana naye analikana lamulolo. Apa mpofunika mumvetse, kumwera kwa dzikolo munthu wakuda akafuna kulembetsa ankamupatsa mayeso owerenga ongofuna kumulepheretsa, kwina ankamulipiritsa msonkho wa voti, mu 1965 mumzinda wa Selma apolisi anamenya anthu pa mlatho chifukwa choguba kufuna ufulu wovota, chaka chomwecho ndipomwe lamulo loteteza voti linadutsa. Zimenezi ine zimandikhudza, ena omwe anamenyedwa ngati John Lewis anakhala moyo mpaka kudzamuona Obama akulumbira. Banja lomwe linadutsa mu zotere silimaiwala yemwe anaima nalo.

Azungu ambiri akumwera anawolokera ku Republican, ndipo chichokereni 1964 palibe wa Democrat wapezapo mavoti oposa theka a azungu, Obama mu 2008 anapeza 43 pa 100. Ndiye nkhani ya mtundu ilipo, sindikuibisa, koma ikuyenda ndi mbiri komanso chipani.

Mukabwerera pa bawopo muwafunse kuti nanga bwanji Ben Carson, dokotala wakuda wotchuka uja, atapikisana nawo kuti aimire Republican pa upulezidenti mu 2016 akuda sanamuthamangire? Nanga bwanji akuda aku South Carolina ndi omwe anadzutsa kampeni ya Joe Biden, yemwe ndi mzungu, mu 2020? Mu 2024 Kamala Harris wa Democrat, yemwe ndi wakuda, anapeza mavoti a akuda ochepera a Obama, ndipo anthu ochokera ku Latin America, omwe ambiri ankaganiza kuti sangamuyandikire Trump, pafupifupi theka anamuvotera, ambiri akudandaula za kukwera mtengo kwa zinthu ndi lendi.