Katsabola wagwa m'kalasi: kodi mwana asiye kaye sukulu?

Mayi wina watilembera imelo kuti mnzake wa mwana wawo wa Sitandade 2, yemwe amakhala naye desiki imodzi, wadwala katsabola. Pakhomo pawo pali mng'ono wawo woyembekezera. Akufunsa ngati n'koyenera kuti mwanayo asiye kaye sukulu.

Mayi, kumuletsa sukulu panopa sikupindula kanthu. Wodwala katsabola amayamba kupatsira ena patatsala tsiku limodzi kapena awiri kuti zidzolo zioneke, kudzera mumpweya akamatsokomola, kenako m'madzi a matuza. Ngati wanuyo amati atenge, anatenga kale mnzakeyo akuoneka wabwinobwino. Chofunika n'kuwerenga masiku: matendawa amabisala m'thupi masiku 10 mpaka 21, kawirikawiri 14 mpaka 16.

Pa masabata atatu amenewa, mukamamusambitsa muzimuyang'ana pachifuwa, kumsana ndi m'mutu. Zidzolo zake zimayamba ngati timadontho tofiira, kenako timatuza tamadzi toyabwa, kenako nkhanambo, ndipo mitundu itatu yonseyi imapezeka pathupi nthawi imodzi. Apa mpamene katsabola amasiyanirana ndi chikuku, chomwe chimabwera ndi chifuwa, chimfine ndi maso ofiira, zidzolo zake zopanda madzi. Katemera wa chikuku wa kusikelo uja sateteza ku katsabola.

Akatuluka matuza, akhale pakhomo mpaka onse atauma, pafupifupi masiku 5 mpaka 7, ndipo muwadziwitse aphunzitsi. Thupi likatentha mupatseni Panado wa ana molingana ndi kulemera kwake. Aspirin ayi: kwa mwana wa katsabola amatha kuwononga chiwindi ndi ubongo, ndiye muziwerenga paketi ya mapiritsi a mutu a kugolosale, ena muli aspirin. Brufen nayenso m'pewe, amawonjezera chiopsezo choti zilonda zilowe mabakiteriya oopsa. Muwengeni zikhadabo, muzimusambitsa madzi ofunda pang'ono, pomupukuta muzingogunditsa thaulo osakhula, ndipo mupakeni mankhwala ochepetsa kuyabwa otchedwa calamine. Zipsera zambiri zimachokera kukukanda basi. Ma antibayotiki sapha kachilombo ka katsabola.

Thamangani naye kuchipatala ngati akubanika, wauma khosi, akukomoka, akungogona, akukana kumwa, kutentha kwapitirira masiku 4, kapena khungu lozungulira chilonda lafiira, latupa n'kumatuluka mafinya.

Koma amene akutidetsa nkhawa kwambiri ndi mng'ono wanuyo. Ngati anadwalapo katsabola ali mwana, mwachidziwikire ndi wotetezeka, chifukwa kudwala kawiri sikuchitikachitika. Ngati sanadwalepo kapena sakukumbuka, akanene kusikelo sabata yomwe ino, osadikira matuza, popeza kwa woyembekezera katsabola amatha kubweretsa chibayo choopsa komanso kuvulaza mwana m'mimba. Ngati pali kwa achibale komwe angakakhale kuyambira tsiku la 8 chikhalireni mwana wanu pafupi ndi wodwalayo kufikira masabata atatuwo atatha, apite. Chimodzimodzinso khanda lobadwa kumene ndi aliyense amene chitetezo chake chatsika chifukwa cha HIV kapena mankhwala a khansa. Anthu otere akaona thuza loyamba apite kuchipatala tsiku lomwelo, chifukwa mankhwala olimbana ndi kachilomboka otchedwa acyclovir amagwira bwino ntchito akayambidwa pasanathe maola 24.