Seva ili ku Ntcheu, woisamalira ali ku Dedza: kodi agule KVM?

Achimwene ena akuno ku Dedza andilembera pa imelo. Amasamalira makompyuta a kabungwe kosunga ndi kubwereketsa ndalama, ndipo ofesi yake ili pa boma la Ntcheu. Dandaulo lawo ndi loti magetsi akazima n'kubweranso, seva, kompyuta yaikulu yosunga zonse za ofesi, siidzuka yokha, kapena imadzuka n'kukakamira panjira. AnyDesk, pulogalamu yolowera pa kompyuta uli kutali, imangosonyeza kuti makinawo palibe, ndiye amakwera minibasi kutsika ndi M1, kudutsa pa Lizulu, kukangodina batani limodzi. Mnzawo wawauza za kachipangizo kotchedwa KVM, kopatsa munthu sikirini, kibodi ndi mausi za seva ali kutali, ndipo akufunsa ngati agule.

Achimwene, ndalamazo zisungeni kaye m'thumba.

AnyDesk, TeamViewer ndi Remote Desktop ndi mapulogalamu okhala mkati mwa Windows. Windows ikapanda kudzuka, nawonso ali mtulo. Seva ikaima pa sikirini yakuda kudikira kuti munthu adine F1, mwina chifukwa kabatire ka CR2032 ka pa motherboard katha, palibe pulogalamu yomwe ingakuonetseni zimenezo muli kutali. Apa ndi pomwe KVM imapambanira, chifukwa imakhala kunja kwa seva. Chingwe chimodzi chimalowa potulukira chithunzi, pa HDMI kapena VGA, china pa USB, chachitatu chimapita ku rauta. Seva imangoona ngati munthu walumikiza sikirini, kibodi ndi mausi. Inu muli pa laputopu ku Dedza mumaona zonse kuyambira pomwe makina akuyamba kuyaka, mumalowa mu BIOS (pomwe mumasinthira makonzedwe a makina Windows isanadzuke), ndipo pa zipangizo zambiri mutha kuika fayilo ya ISO, yokhala ndi zoikira Windows, kuti ioneke ngati fulashi yomwe mwabaya ndi manja, n'kuikanso Windows mwatsopano. Zodziwika ndi PiKVM, yomangidwa pa kakompyuta kakang'ono ka Raspberry Pi, komanso JetKVM ndi NanoKVM. Koma mumvetsetse ichi: kuti kachipangizoka kathe kudina batani loyatsira, pamafunika mawaya ena olowa pa mapini a motherboard. Popanda amenewo mudzangoyang'ana seva yozima muli pa intaneti, ulendo wa minibasi uli pomwepo.

Ndanena kuti musagule kaye chifukwa mwina chinthucho muli nacho kale. Mukapita ku Ntcheu, kokani sevayo muyang'ane kumbuyo. Ngati ndi Dell PowerEdge, funani polowetsera chingwe cha netiweki polembedwa iDRAC. Pa HP ProLiant palembedwa iLO, pa Supermicro ndi IPMI. Kuseri kwa kabowo kameneko kuli kakompyuta kakang'ono kodziimira pakokha, kotchedwa BMC, komwe kamakhala maso bola pulagi ili pakhoma ndipo magetsi alipo, ngakhale seva yeniyeni itazima. Si zachilendo ayi, Intel, HP, NEC ndi Dell adatulutsa IPMI, njira yolankhulirana ndi BMC, mu 1998. Kakompyutaka kamayatsa ndi kuzimitsa makina, kamakuuzani kutentha kwa mkati, fani yomwe yaima, ndi zonse zomwe zinachitika usiku inu mukugona. Maseva ogulidwa ogwiritsidwa kale ntchito amafika nako, koma kabowoko kamangodzaza fumbi chifukwa woika makina sanalowetsemo chingwe. Povuta ndi pa laisensi: kuyatsa ndi kuzimitsa kumatheka kwaulere, koma kuti muone sikirini yonse nthawi zambiri pamafunika iDRAC Enterprise kapena iLO Advanced. Onani kaye ngati mwini wake woyamba anasiya laisensiyo mkatimo.

Ngati chomwe mukuchitcha seva ndi kompyuta wamba ya pa desiki yomwe inangopatsidwa udindo, pamenepo KVM ndi yoyenera kugula.

Muli komweko, lowani mu BIOS mufune polembedwa AC Power Recovery, makina ena amati Restore on AC Power Loss, muike pa On. Magetsi akabwera seva izidzuka yokha. Kabatire kaja kasintheni tsiku lomwelo, apo ayi zomwe mwasinthazi zidzafufutika. Ndikuganiza kuti maulendo anu ambiri athera pamenepa.

Tsopano chomwe ogulitsa sakonda kunena. KVM kapena iDRAC ndi yachabe rauta ikazima. Rauta ndi kachipangizoka sizidya magetsi ambiri, choncho zipatseni UPS (batire losunga magetsi akazima) yawoyawo, kapena ziikeni pa batire la sola ngati ofesi ili nalo, seva ikhale ndi UPS ina. Nyengo ya mvula ya kwathu kuno mukuidziwa ndi ziphaliwali zake, musaiwale choteteza ku magetsi obwera mwamphamvu. Ndipo ngati intaneti ya pa ofesi ndi ya SIM kadi ya Airtel kapena TNM, nthawi zambiri adiresi ya IP mumagawana ndi anthu ena ambirimbiri, moti simungalowe mwachindunji kuchokera kunja. Njira yosavuta ndi Tailscale, pulogalamu yolumikiza laputopu yanu ndi ofesi mwachinsinsi, ndipo PiKVM imagwira nayo bwino. Pa iDRAC kapena iLO mudzafunika rauta kapena kakompyuta kena kakang'ono koti kakhale khomo lolowera.

Pali anthu omwe angakuuzeni kuti mungotsegula port, khomo lolowera kuchokera pa intaneti, pa rauta basi. Akaneni. Wolowa pa BMC ali ngati wapatsidwa makiyi a ofesi usiku, ndipo m'sevamo muli maina ndi ndalama za mamembala. IPMI 2.0, yomwe imamvetsera pa port 623, ili ndi chilema chomwe chinaululika mu 2013: imapereka pasiwedi yobisika kwa aliyense woipempha, iye n'kukaiswa pang'onopang'ono kwawo. Mapasiwedi akale obwera ndi makina nawonso amadziwika ndi aliyense, root ndi calvin pa Dell, ADMIN ndi ADMIN pa Supermicro. Sinthani musanalowetse chingwe ku rauta.

Bandulo nayo imatha msanga chifukwa KVM imatumiza vidiyo. Tsitsani quality ya chithunzi, muziigwiritsa ntchito pa ngozi pokha, ntchito ya tsiku ndi tsiku ipitirire pa AnyDesk.

Munthu wa pamalopo adzafunikabe, chifukwa pulagi yozuka siibwerera yokha. Matani timapepala pa zingwe, lembani "rauta", "seva", "UPS", kuti mukaimbira amayi a pa kauntala kapena alonda asazule cholakwika. Mukafika ku Ntcheu jambulani kumbuyo kwa sevayo ndi kapepala kolembedwa mtundu wake munditumizire, ndidzakuuzani ngati KVM ikufunikadi.