Kodi ndisiye kaye njinga ndi kusambira kuti ndikathamange Comrades?

Funso la sabata ino lachokera kwa achimwene ena okhala ku Durban, ku South Africa, omwe anditumizira imelo yofunsa za Comrades, mpikisano wothamanga mtunda wautali kwambiri. Ndaifupikitsa, koma mfundo yake ndi iyi: "Ndakhala ndikuchita triathlon kwa zaka zingapo, ndipo mpikisano wa Ironman 70.3 wa kuno ndaumaliza kangapo. Panopa mtima wanga uli pa Comrades. Anzanga ena a kukalabu akuti ndikasiya njinga ndi kusambira kwa chaka, thukuta langa lonse lilowa m'madzi. Ena akuti Comrades safuna mitala. Ndimvere ati?"

Achimwene, pitani mukathamange Comrades. Anzanu a mitalawo akunena zoona pang'ono, chifukwa makilomita pafupifupi 90 a pakati pa Durban ndi Pietermaritzburg, omwe muyenera kuwamaliza maola 12 asanakwane, simungawakonzekere ngati mbali imodzi chabe ya masewera atatu a triathlon: kusambira, njinga ndi kuthamanga. Mu 70.3 mumasambira makilomita 1.9, kupalasa 90, kenako kuthamanga 21.1. Ku Comrades mudzathamanga mtunda womwe munazolowera kuupalasa mutakhala pachishalo. Ndiponso zaka zambiri mipikisano iwiriyi imachitika mwezi umodzi wa June, ndiye kalendala yakusankhirani kale.

Koma chimene anzanu enawo akuopa si chimene ine ndikukuoperani. Mphamvu za njinga ndi kusambira zidzabwerera. Nkhawa yanga ili pa miyendo yanu.

Munthu wa triathlon amakhala ndi mtima ndi mapapo olimba kuposa mafupa ndi mitsempha yake. Tinene kuti mumachita masewera maola khumi pa sabata, koma othamanga enieni ndi atatu kapena anayi. Maola enawo mtima umagwira ntchito thupi litanyamulidwa ndi madzi kapena ndi njinga, phazi osamenya pansi. Tsiku limene mudzapachike njinga, mudzapezeka ndi maola asanu ndi limodzi opanda chochita, ndipo mudzafuna kuwathira onse pamsewu. Mpweya udzakulolani. Mudzathamanga makilomita 25 mukucheza ndi anzanu osapuma wefuwefu, n'kumaganiza kuti zonse zili bwino. Pamenepo ndi pamene anthu amadzipweteka, chifukwa mtima umazolowera katundu watsopano m'masabata ochepa, pomwe mafupa ndi mitsempha zimafuna miyezi.

Chizindikiro chake chimayamba mwakachetechete. Mukudzuka m'mawa, mukuponda pansi kuchoka pabedi, ndipo kumbuyo kwa chidendene kwauma, masitepe oyamba opita kubafa mukuyenda motsimphina. Pakapita mphindi zochepa ululu watha, mwaiwala. Kapena pamsongolo pali kamalo kamodzi, kakang'ono koti chala chimodzi chimakaphimba, komwe mukakadina mumadumpha. Choyambacho ndi mtsempha ukudandaula. Chachiwiricho chikhoza kukhala fupa layamba kung'aluka, ndipo chimenecho si chothamanga nacho. Kaonaneni ndi adokotala.

Musaganize kuti zimenezi zimagwera ife ochita masewera tikaweruka kuntchito tokha. Gwen Jorgensen wa ku America anawina mendulo ya golide ya triathlon ku Olimpiki ya ku Rio mu 2016, ndipo mbali imene ankasiyira anzake kutali inali yothamanga yomweyi. Chakumapeto kwa 2017, atangobereka mwana wake woyamba, analengeza kuti wasiya triathlon ndipo akufuna golide wa marathon, mpikisano wothamanga makilomita 42, ku Olimpiki ya ku Tokyo. Analowa gulu la Bowerman Track Club ku Portland, limodzi mwa magulu amphamvu kwambiri a othamanga m'dzikolo. Ku Chicago Marathon mu 2018 anamaliza pa 2:36:23, pa nambala 11. Mu 2019 anachitidwa opaleshoni ya chidendene. Kenako anasiya za marathon n'kuyesa mitunda ya m'bwalo, koma pa mpikisano wosankha timu ya America mu 2021 sanapeze malo. Chakumapeto kwa 2022 anabwerera ku triathlon, ndipo ngakhale anawinanso mipikisano ina, m'timu ya Olimpiki ya ku Paris mu 2024 sanalowemo. Sindikunena kuti analakwitsa; moyo ndi wake, ndipo kuyesa chinthu chovuta utawina kale zonse n'kulimba mtima. Ndikungoti ngati thupi la mayi ameneyu, wokhala ndi makochi ndi madokotala omuzungulira, linafika pofuna mpeni wa dokotala litasamukira ku kuthamanga kokha, ife tisadzinamize.

Alex Yee wa ku Britain anayenda njira ina. Atawina golide wa triathlon ku Paris mu 2024, anati akufuna kulawa marathon. Mu April 2025 anathamanga London Marathon pa 2:11:08, n'kukhala wa nambala 14, ndipo chaka chomwecho anaonekanso pa mipikisano ya triathlon. Sanatsanzike, anangopempha tchuthi. Kumbukiraninso kuti Yee anali wothamanga asanatchuke pa triathlon. Mu 2018 anali katswiri wa Britain pa mamita 10,000. Miyendo yake inkaudziwa kale msewu. Njira yake ndi imene ndingakulangizeni: mudziikire tsiku lobwerera musananyamuke.

Tsopano za zimene mungataye. Pali kafukufuku wakale amene amatithandiza pano. Chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, Robert Hickson ndi anzake ku Chicago anaphunzitsa anthu masewera olimba masiku asanu ndi limodzi pa sabata kwa masabata 10, kenako n'kuwachepetsera masikuwo, ena kufika pa awiri okha pa sabata. Patatha masabata 15, mphamvu ya thupi yogwiritsa ntchito mpweya inali isanatsike. Pamene anayesa kuchepetsa ukali wa masewerawo m'malo mwa masiku, mphamvu zinagwa. Tanthauzo lake kwa inu n'losavuta: kusunga chimene muli nacho n'kotchipa kuposa kuchipeza. Simukufunika maulendo atatu a njinga pa sabata. Ulendo umodzi, wokhala ndi mphindi zingapo zopalasa molimba mpaka ntchafu zitatentha, usunga zambiri.

Ndipotu njingayo ndi imene idzakupulumutseni. Tsiku lotsatira mukathamanga mtunda wautali, anzanu a kukalabu adzatuluka kukathamanganso pang'onopang'ono pamiyendo yotopa. Inu kwerani njinga, ola limodzi, giya yopepuka. Mtima walandira chakudya chake, mapazi apuma. Othamanga ambiri amaiyamba njinga atavulala kale, adokotala atawaletsa msewu. Inu muli nayo kale m'nyumba, ndiye n'kuipachikiranji?

Kusambira ndi nkhani ina, ndipo apa anzanu aja ali ndi mfundo. Kusambira si mphamvu zokha, ndi luso la manja pogwira madzi, ndipo lusolo limathawa msanga, makamaka kwa ife amene tinaphunzira titakula kale. Aliyense amene anasiyapo miyezi itatu amadziwa mmene tsiku lobwerera limakhalira: mwavala magalasi, mwakankha khoma, ndipo dzanja likungodutsa m'madzi osagwira kanthu, chiuno chikumira, mamita 100 asanathe mwagwira m'mphepete mukupuma ngati simunathamangepo chibadwire. Kuthamanga sikusunga zimenezi, ngakhale mutathamanga makilomita angati. Choncho musalisiye dziwe. Kawiri pa sabata, theka la ola, osathamangitsana ndi wotchi, kungoti manja asaiwale. Ngati mukufuna chokukokerani kumadzi, mpikisano wosambira wa Midmar Mile umachitika mu February kufupi ndi Howick, pafupi ndi kwanuko. Ndi mtunda wa makilomita 1.6 okha, sungasokoneze za Comrades.

Pokweza mtunda wothamanga, yambirani pamene miyendo ili lero, osati pamene mapapo ali. Onjezerani tsiku limodzi lothamanga, mukhale nalo masabata atatu kapena anayi, kenako muonjezerenso. Sabata yachinayi iliyonse bwererani m'mbuyo pang'ono. Musanalowe Comrades mudzafunika kumaliza marathon yokuyenerezani, ndiye imeneyo ikhale cholinga choyamba, ndipo musaithamange ngati mukuthawa galu. Mungofuna nthawi yokwanira ndi miyendo yamoyo. Mapiri a njirayo mumawadziwa, poti mumakhala pompo: Cowies, Fields, Botha's, Inchanga ndi Polly Shortts. Anthu a njinga kukwera sikuwavuta kwenikweni. Chimene njinga sinakuphunzitseni ndi kutsetsereka, pamene ntchafu zimagwira mabuleki pa sitepe iliyonse. Mpikisanowu umasinthasintha kolowera, ndipo chaka chotsikira ku Durban, ambiri amafika pa Fields Hill ntchafu zitatheratu. Phunzirani kutsika mapiri, koma pang'onopang'ono, chifukwa palibe chimene chimaphwanya minofu msanga kuposa chimenechi.

Pali chinanso chimene simunafunse. Anthu ena akamati akufuna kupuma kuti aike mtima pa masewera amodzi, kwenikweni atopa ndi triathlon yeniyeniyo: kudzuka usiku kukasambira, Loweruka lonse panjinga, ndalama za matayala ndi zolembetsera mipikisano, akunyumba akudandaula kuti saonana nanu. Ngati ndi choncho, palibe mlandu. Kuthamanga n'kotchipa, nsapato ndi kabudula basi, ndipo mukhoza kupeza kuti kumeneko ndiye kwanu. Koma zimenezi mudzaziweruze Comrades itadutsa, osati panopa.

Mukamaliza mu June, mupume masabata awiri kapena atatu osathamanga. Poyambiranso, yambani ndi dziwe, kenako njinga, kuthamanga kubwere pomaliza. Mphamvu za panjinga zidzatenga miyezi iwiri kapena itatu kuti zifike pakale, ndipo masabata oyamba matako adzadandaula ndi chishalo kuposa miyendo. Njingayo musaigulitse, ngakhale wina wa kukalabu atabwera ndi ndalama m'manja. Tcheni chake muzichithira mafuta, ndipo Lolemba lililonse, mutathamanga mtunda wautali Lamlungu, muziikwera.