Laputopu ya abwana ija: yambani ndi SSD, purosesa muisiye

Achemwali, ndaona funso lanu. Mwati abwana anu ku Randburg, kuno ku South Africa, anakupatsani laputopu ya HP yakale, Core i5, RAM 4GB, hadi disiki ya 500GB, ndipo mukufuna kuitumiza kwa mwana wanu amene wayamba koleji ku Blantyre, koma imachedwa kwambiri. Wina mtauni wakuuzani kuti pa R2,000 imene muli nayo akuikirani purosesa (ubongo wa kompyuta) ya i7. Mwafunsanso za kompyuta yapatebulo ya Dell OptiPlex 7010 ya achimwene anu ku Mangochi, imene amatayipira makalata a anthu ndi kuika nyimbo m'mafoni.

Ndalamayo musapereke. Pa laputopu zambiri zimene zinatuluka kuyambira cha m'ma 2013, purosesa inaotcheredwa pa motherboard, bolodi lalikulu lamkati lolumikiza zipangizo zonse, siyozula ngati batire. Mudzionere nokha: dinani Ctrl, Shift ndi Esc pamodzi, Task Manager itseguke, pitani pa Performance, kenako CPU, imene ndi purosesayo. Pamwamba kumanja palembedwa dzina lonse. Mukapeza zonga i5-4200U, nambala yoyamba ija 4 ikutanthauza m'badwo wachinayi, wa 2013, ndipo U wakumapetoyo ndi mtundu wootcheredwa. Munthu wokuuzani kuti aika i7 pamenepo, kaya akufuna kusintha motherboard yonse ndi ina yakale imene simukudziwa mbiri yake, kaya akungofuna kukudyerani. Ina yakale kwambiri, monga i5-3210M ya 2012, nthawi zambiri imazuka ndithu, komabe phindu lake silifika pa mtengo wake.

Musatseke Task Manager ija. Yang'anani pamene palembedwa Disk, nthawi imene kompyuta yangoyaka kumene. Ndikukhulupirira mupeza pali 100%, pamene CPU yangokhala phee pansi. Wochedwetsa zinthu ndi ameneyo. Mkati mwa hadi disiki muli timbale tozungulira ka 5,400 pa mphindi, ndi kasingano koyendayenda kufunafuna fayilo iliyonse. Windows ikamayaka imawerenga timafayilo tambirimbiri tomwazikana, ndiye kasinganoko kamangothamanga uku ndi uku, purosesa ili chidikirire. Kugula purosesa yamphamvu pamenepa kuli ngati kugula chigayo chachikulu pamene chimanga chikufika lichero limodzi limodzi.

Choyamba kugula ndi SSD, chosungira mafayilo cholowa m'malo mwa hadi disiki. Ya laputopu ngati yanuyo ndi ya SATA, 2.5 inch, yofanana kukula ndi hadi disiki imene ilimo, ndipo imalowa pamalo omwewo. Mulibe chozungulira mkati mwake. Imawerenga pafupifupi 550MB pa sekondi pamene hadi disiki ya laputopu imalekera cha pa 100MB, koma kusiyana kwenikweni kumaonekera pa timafayilo ting'onoting'ono tija. Laputopu imene munkaiyatsa n'kupita kukatereka madzi a tiyi, mudzaipeza yayaka musanadzuke pampando. Ya 256GB imakwana pa ntchito za sukulu, koma ngati ndalama ikulola tengani ya 480GB kapena 512GB, chifukwa ana athu mavidiyo sasiya.

Kushopu muchenjere ndi mawu oti NVMe. Mtundu umenewo ndi kandodo kopyapyala kolowa pa malo otchedwa M.2, ndipo amakauza aliyense kuti ndiwo wothamanga kwambiri. N'zoona, umafika 3,500MB pa sekondi kapena kupitirira, koma laputopu ya 2013 nthawi zambiri ilibe polowetsa. Ngakhale zina zimene zili ndi M.2 zimangolandira ya SATA yokha. Mukagula musanatsegule pansi pa laputopu, mubwerera kunyumba ndi chinthu chosalowa paliponse.

Pali phindu lina limene anthu a kuno salilingalira. Laputopuyo iyenda pa basi kuchoka ku Park Station ku Johannesburg, kudutsa Beitbridge, Nyamapanda, Tete mpaka Mwanza, ikugwedezeka njira yonse, kenako izikhala m'chikwama cha mwana wokwera minibasi tsiku ndi tsiku. Hadi disiki yokalamba siipirira zimenezo. SSD kugwedezeka ilibe nako kanthu. Yakale ija musataye: muigulire kabokosi ka USB ka 2.5 inch, isanduke yosungira zinthu kunja.

Chachiwiri ndi RAM, pamene kompyuta imagwirizira zimene ikuchita nthawi imeneyo. 4GB masiku ano imathera pa Windows ndi Chrome basi. Ikhale 8GB. Pa Performance pomwe paja, dinani Memory, muona pansi palembedwa "Slots used: 1 of 2". Zikatero muli ndi malo amodzi opanda kanthu, mungogula ina ya 4GB n'kuonjezera. Mtundu ndiwo umasokoneza anthu. Pali DDR3, DDR3L ndi DDR4. DDR4 singalowe m'malo a DDR3 chifukwa kampata ka pamano ake kali pena, ndiye pamenepo simungalakwitse. Msampha uli pakati pa DDR3 ndi DDR3L, zimene zimalowa malo amodzi koma ina imafuna 1.5V ina 1.35V. Laputopu za m'badwo wachinayi zimafuna DDR3L, ndipo mukaika DDR3 wamba ikhoza kungoonetsa sikirini yakuda. Njira yosavuta ndi kuzula RAM imene ilimo n'kuwerenga kapepala kake. Pakalembedwa PC3L, gulani PC3L. Ya laputopu imatchedwa SO-DIMM, yaifupi, osati yaitali ija ya kompyuta yapatebulo. RAM yogwiritsidwapo kale ntchito ine sindiiopa, siiwonongeka wamba. SSD ndiye gulani yatsopano.

Zikalowa zimenezi, ikani Windows mwatsopano m'malo mokopera zonse za pa disiki yakale, chifukwa mukoperanso zinyalala za zaka khumi. Mufunika fulashi ya 8GB ndi pulogalamu ya Microsoft yotchedwa Media Creation Tool, yaulere. Sankhani ya 64-bit, popeza ya 32-bit siona RAM yopitirira 4GB ngakhale mutaika yochuluka bwanji. Za kiyi, nambala ya layisensi ya Windows, musade nkhawa kwambiri: laputopu zimene zinabwera ndi Windows 8 kapena 10 kuchokera kufakitale zili ndi kiyi yosungidwa mu BIOS, kapulogalamu ka pa motherboard koyatsira kompyuta, ndipo ngati Windows 10 inali yovomerezeka kale pa makinawo, imadzizindikira yokha ikalumikizidwa pa intaneti. Zonsezi, pamodzi ndi ma update, chitirani konkuno pa WiFi. Mukamusiyira mwana kuti akachite ndi bandulo ya Airtel kapena TNM, akulizirani foni sabata yoyamba yomwe.

Musanafafanize chilichonse, afunseni abwana ngati muli zithunzi kapena mafayilo awo amene akuwafuna. Muwafunsenso ngati pa BIOS pali pasiwedi, makamaka ngati inali ya kuntchito kwawo. Ndipo apempheni akulembereni kakalata kuti anakupatsani ngati mphatso, kokhala ndi siginecha ndi nambala ya laputopuyo. Wonyamula katundu akafunsidwa panjira, kapepalako kamamuyankhira.

Tsopano nkhani imene ambiri sakuitchula. Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 pa 14 October 2025. Kompyuta siileka kugwira ntchito, koma ma update aulere otseka mipata ya mavairasi anatha, kupatula kwa olembetsa pulogalamu yawo yoonjezera nthawi ya ESU. Windows 11 imafuna purosesa ya Intel ya m'badwo wachisanu ndi chitatu kupita mtsogolo, monga i5-8250U ya 2017, komanso kachipangizo kachitetezo kotchedwa TPM 2.0. Yanuyo siifika pamenepo, ngakhale muike SSD ndi RAM yochuluka motani. Anyamata ambiri amadumphitsa malamulowo ndi pulogalamu ya Rufus, ndipo Windows 11 imayenda ndithu pa SSD ndi 8GB, koma Microsoft inanena poyera kuti siilonjeza ma update pa makina otero. Njira ina ndi Linux Mint, yaulere, yopepuka, yobwera ndi LibreOffice yolembera ndi kuwerengera. Ine ndingati mufunse mwanayo kaye zimene akuphunzira. Ngati ndi zolemba ma asayimenti ndi kufufuza pa intaneti, chilichonse mwa izi chikwana. Ngati ndi za AutoCAD kapena zojambula mavidiyo, laputopu iyi ingomuyambitsa chabe, ndipo ndi chifukwa chinanso chosathirira ndalama zonse m'menemo. SSD ili ndi ubwino woti tsiku lodzagula laputopu ina mudzaizula n'kupita nayo.

Yotsala pa R2,000 ija iganizireni batire. Kumudzi magetsi a ESCOM mukuwadziwa, ndipo laputopu ya batire yakufa imazima nthawi yomweyo magetsi akathima, asayimenti ya mwana n'kupita. Zulani chaja muone imakhala nthawi yaitali bwanji. Mukaona batire yatupa, kapena pokhudza ndi chala paja patukuka, ichotsedwe msanga. Wokutsegulirani auzirenso fumbi pa fani ndi kupaka thermal paste watsopano, mafuta othandiza kuchotsa kutentha, pa purosesa, poti yotentha imadzichedwetsa yokha kuti isapse. Ndipo kumbukirani pulagi: ya kuno ndi ya mano ozungulira, ya ku Malawi ndi ya mano atatu amakona. Mphamvu ya magetsi ndi yofanana, 230V, ndiye chofunika ndi adaputala kapena chingwe china basi.

Za achimwene a ku Mangochi ndi zosavuta, chifukwa kompyuta yapatebulo imalola zambiri. OptiPlex 7010 ndi ya 2012, purosesa yake imakhala pa soketi ya LGA1155 ndipo imazuka ndi kachitsulo kokanikizira. Ngati ili ndi i3-3220, akhoza kuika i5-3470 kapena i7-3770 yogwiritsidwapo kale ntchito. Komabe nayonso iyambe ndi SSD, Windows ikhale pamenepo, hadi disiki yakale itsale momwemo yosungira nyimbo ndi mafilimu. RAM yake ndi DDR3 yaitali. Ngati tsiku ndi nthawi zimasokonekera akaizimitsa, ndi kabatire kozungulira ka CR2032 pa motherboard, konga ka wotchi, kotchipa. Za graphics card, khadi lothandiza kuonetsa zithunzi, aiwale pa ntchito yotayipa. Akaumirira, adziwe kuti bokosi lopyapyala la SFF lili ndi power supply (chogawa magetsi mkatimo) ya 240W yokha ndipo limalandira makhadi aafupi, monga GT 1030. Ine ndalama imeneyo ndikanagulira UPS yaing'ono, kabokosi ka batire kosunga magetsi, kuti magetsi akathima kasitomala ali pompo, kalata yake isungidwe kaye.

Kogula kulipo kwambiri: Takealot, Wootware, Evetech ya ku Centurion, Matrix Warehouse, ngakhale mashopu a ku Fordsburg ndi mtauni. Kulikonse kumene mugule, tengani risiti. Lamulo la kuno la Consumer Protection Act limakupatsani miyezi isanu ndi umodzi yobweza katundu wosagwira bwino ntchito ngati mwagula kwa wochita bizinesi, koma siligwira pa munthu wamba amene mwakumana naye pa Facebook Marketplace. SSD yabodza iliponso: pabokosi palembedwa 1TB, mtengo wake wotsika modabwitsa, mkati muli kochepa ndipo mafayilo amayamba kusowa ikadzaza. Tengani dzina lodziwika monga Kingston, Crucial, Samsung, WD kapena Adata, ndipo ikalowa itsegulireni pulogalamu ya CrystalDiskInfo muone ngati maola amene yagwira ntchito akuyambira pansi ngati yatsopanodi.

Tembenuzani laputopuyo, jambulani pamene palembedwa model, ndi tsamba la CPU ndi Memory la mu Task Manager, munditumizire. Ndikuuzani RAM yeniyeni yogula komanso ngati pansi pake pali kachitseko ka masikuru awiri koti mutha kutsegula nokha, kapena ndi zija zofunika kuchotsa kiyibodi yonse zoti mupite nazo kwa wokonza.