Musanasumire kampani ya nsatsimanga ija, onani kaye kaundula wa masheya

Bambo a ku Chilomoni, mwalemba kuti zaka 4 zapitazo munaika ndalama mu kampani yaing'ono yolima nsatsimanga zoyengera mafuta a galimoto, kudzera mwa alamu anu omwe ndi mmodzi wa madailekitala. Mpaka lero amangokutumizirani zithunzi za mbande pa WhatsApp, ndipo mutapempha mabuku a ndalama anakukanizani. Chomwe muli nacho m'manja ndi risiti basi.

Vuto lagona pa risitiyo. Malinga ndi lamulo la makampani la 2013, mwini masheya ndi munthu amene dzina lake linalembedwa m'kaundula wa masheya wa kampani. Ufulu woitanidwa ku msonkhano, wovota komanso woona lipoti la chuma umachokera pamenepo. Milandu yotere ndaiona ikugwa nkhani ya ndalama isanakhudzidwe n'komwe. Munthu amasuma ngati mwini masheya, loya wa kampani n'kutulutsa kaundula wopanda dzina lake, woweruza n'kufunsa kuti wabwera ngati ndani. Khoti lingathe kulamula kuti dzina lanu lilowe m'kaundula, koma muyenera kupempha zimenezo mwachindunji, ndi umboni woti munagwirizana zogula masheya, osati zobwereketsa ndalama. Ngati ndalamazo zinalowa mu akaunti ya alamu anu kapena pa foni yawo, kampani ingakane kuti sinalandire kalikonse, ndiye mlandu ungasanduke wa inu ndi iwo. Sindinganeneretu kuti utha bwanji ndisanaone zomwe zinalembedwa pa risitiyo ndi amene anasainira.

Nthawinso ikutha. Mlandu wochokera pa mgwirizano umafunika kutsegulidwa zisanathe zaka 6 kuchokera pomwe mgwirizanowo unaswedwa. Achibale amene akukuuzani kuti "za pabanja sitipita nazo kukhoti" sadzakubwezerani ndi tambala yomwe zaka zimenezo zikadzakwana. Alamu anunso, monga dailekitala, akudziwa bwino lomwe kuti chithunzi si lipoti.

Chitani izi mwezi uno. Pitani ku ofesi ya boma yolembetsa makampani muno mu Blantyre mukafufuze faili ya kampaniyo, muone eni ake ndi madailekitala. Dziwani kuti ngati kampani situmiza malipoti ake a pachaka, failiyo ikhala yotsalira. Kenako lemberani kampaniyo kalata yopempha setifiketi ya masheya, kope la kaundula ndi lipoti la chuma, muike tsiku lomaliza loyankhira, ndipo wina asainire pa kope lanu kuti alandira. Mauthenga a pa foni musafufute.

Kuti mudziwe ngati ntchito ikuyenda, funsani mapepala awa: lizi kapena umboni wina wa malo, layisensi yopangira mafuta yochokera ku MERA (bungwe loona za magetsi ndi mafuta), chilolezo cha MEPA (bungwe loteteza chilengedwe) ngati munda ndi waukulu, ndi mgwirizano ndi wogula. Mukafike kumunda nokha, muyerekeze mahekitala odzalidwa ndi omwe analonjeza, muonenso buku la pasikelo. Nsatsimanga zimatenga zaka zingapo kuti zibereke mokwanira, choncho kusowa kwa phindu pakokha si mlandu. Koma munda wa zaka 4 uyenera kukhala ndi makilogalamu olembedwa, osati mbande zokha.

Akapanda kuyankha, tengani mapepala onse kwa loya. Nkhaniyi ingapite ku nthambi yoona za malonda ya High Court, komwe kawirikawiri amayamba ndi kukuyanjanitsani mlandu usanazengedwe.